Kalata yotseguka kwa bodi ya gulu lathu: pa mipando yonseyo, wagonapo panja ndani?

Olemekezeka a Pampando ndi nonse a bodi,

Kabuku ka lipoti la chaka chino la gulu lathu lopereka chithandizo cha mankhwala kwa anthu ogona panja ndalandira. Ndinakawerengera m'basi pochokera ku ntchito ya usiku, maso ali lende ndi tulo, koma nditafika pa masamba apakati, pomwe mwaika zithunzi zanu ndi mbiri ya aliyense, tulo tonse tinabalalika. Mbiri zake n'zopatsa ulemu, sindikukana. Madokotala anayi, mmodzi mwa iwo mphunzitsi wa ku sukulu ya udokotala. Loya. Bambo wopuma ntchito ku banki. Mayi wodziwa kusonkhetsa ndalama kwa anthu olemera. M'busa. Ophunzira awiri a udokotala omwe chaka chamawa adzakhala atasamukira kwina. Ndinabwereza kuwerenga, chala chili pa mzere uliwonse, kufunafuna munthu mmodzi yekha amene mbiri yake ikuti anagonapo pansi pa mlatho. Palibe. Ndinafunanso namwino. Palibenso.

Ndalemba m'Chichewa mwadala. M'gulu lathu tilimo angapo ochokera ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, ndipo nkhaniyi takhala tikuinong'onezana kumbuyo kwa vani kwa chaka chathunthu. Ndi bwino ituluke m'chinenero chomwe inabadwiramo. Mwana wanga wavomera kukumasulirani, ndipo ndamuuza kuti asathiremo shuga.

Ambiri a inu simundidziwa. Kwathu ndinali namwino ndi mzamba pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kwa zaka 14. Kuno ku America mapepala anga sanandilowetse pa unamwino, choncho ndimasambitsa ndi kutembenuza nkhalamba m'nyumba yosungiramo okalamba. Lachinayi lililonse madzulo ndimabereka chikwama cha mabandeji, masokosi ndi Narcan, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wapyola muyeso wa mankhwala ozunguza bongo, n'kukwera vani ya gulu lathu. Ichi n'chaka changa chachitatu. Sindikudzipemphera mpando, mashifiti anga sangandilole n'komwe. Amene ndikuwapemphera ndi bambo amene amayendetsa vaniyo, ndi anzawo a mtundu wawo.

Dzina lawo sinditchula, mukuwadziwa. Kapena ndinene kuti mukudziwa msana wawo, chifukwa m'kabuku kanu akuoneka pa tsamba lomaliza atatembenukira kwina, akutsitsa katoni ya madzi. Bamboyu anagona panja zaka 9 mumzinda uno. Mowa anausiya zaka 6 zapitazo. Amadziwa kuti msasa wa kuseri kwa njanji unasamukira kuti apolisi atauphwasula, amadziwa amene sayankhulana ndi yani, amene ali ndi galu woluma, ndi mtsikana uti amene sangayankhe funso lililonse ngati mwamuna wina ali chiimire pafupi. Tikafika pa tenti iwo amaima chapatali ndithu, n'kuitana dzina, n'kudikira. Zipi ya tenti ya munthu saigwira. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaseka chamumtima, chifukwa ndi kuodira kwenikweni kwa kwathu: umati odi uli pabwalo, sumalowa m'nyumba ya mwini mpaka wamva kuti lowani. Ophunzira athu a udokotala, ana abwino ndithu, amabwera ndi chizolowezi cha kuwodi komwe dokotala amangokoka katani n'kuyamba mafunso. Amene amawaphunzitsa kunjuta kuti maso awo alingane ndi a wodwala ndi woyendetsa vaniyu, ndipo palibe pomwe zinalembedwa kuti imeneyo ndi ntchito yawo.

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi chokha. Mu February, kukuzizira koti madzi m'botolo amauma, tinapeza bambo wina miyendo itatupa mpaka m'mawondo, akulephera kugona chagada chifukwa cha befu. Dokotala wachinyamata anawapima bwinobwino, nati mtima ukulephera kupopa, madzi adzadza m'thupi. Anawapatsa furosemide, timapiritsi tochotsa madzi. Buku lililonse la udokotala lingavomere kuti anachita bwino. Titabwerera Lachinayi linalo tinapeza botolo lili chitsekere, miyendo itaonjeza kutupa. Dokotala uja analemba pa fomu kuti wodwala sakutsata malangizo. Woyendetsa vani anali chete pambali, kenaka anafunsa wodwalayo funso limodzi: chimbudzi chapafupi chili kuti? Chinali ku laibulale, yomwe imatsegulidwa 10 koloko m'mawa, ulendo wa mphindi 20 kwa munthu wa miyendo yabwino. Aliyense amene anamwapo mankhwalawa akudziwa kuti akakugwira umathamangira kokodza kangapo m'maola ochepa. Kukodzera pakhoma kuno ndi mlandu, ndipo bamboyo anali atalipitsidwapo kale. Anasankha kutupa kusiyana ndi kubwerera kukhoti. Tinagwirizana kuti azimwera piritsi pakhomo pa laibulale n'kukhala komweko mpaka masana. Pomatha milungu iwiri nsapato zinayamba kulowa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Funso la chimbudzi lija silikanachokera kwa wina aliyense wa ife, ngakhale ine amene ndakhuthula mapoti a odwala moyo wanga wonse, chifukwa sindinakhalepo ndi chikhodzodzo chodzadza pakati pa mzinda womwe chitseko chilichonse chalembedwa kuti n'cha makasitomala okha.

Mwina mukuti zimenezi ndi nzeru za kumsewu, bodi ndi nkhani ina. Ndiye tiyeni tikumbutsane kumene ntchitoyi inachokera, popeza mayina a oyambitsa mumawatchula chaka chilichonse pa mgonero wosonkhetsa ndalama.

Mumakonda kutchula Dr. Jim Withers wa ku Pittsburgh, ndipo n'zoyenera. Anali mwana wa dokotala wa kumudzi ku Pennsylvania, mayi ake namwino, ndipo ali mwana ankatsagana ndi bambo ake pokaona odwala m'makomo. Mu 1992 anayamba kutuluka usiku ndi chikwama kumsana kukaona anthu pansi pa milatho, ntchito yomwe inadzakhala Operation Safety Net. Chomwe simutchula n'chakuti sanapite yekha. Anatengedwa ndi Mike Sallows, munthu amene anakhalapo wosowa pokhala, yemwe ankagawa mabulangete usiku ndipo anthu ankamukhulupirira. Sallows ndi amene anamulangiza kuti asavale ngati dokotala, ndipo Withers ankavala zovala zakutha kuti asaopseze anthu. Popanda Sallows, Withers akanangokhala mlendo wa tochi m'manja, anthu n'kumuthawa pomuyesa wapolisi. Msonkhano woyamba wa mayiko onse wa ntchito imeneyi unachitikira ku Pittsburgh komweko mu 2005, Street Medicine Institute inakhazikitsidwa mu 2009, ndipo zonsezo zinamera pa usiku umene dokotala anavomera kuyenda kumbuyo kwa munthu wopanda digiri.

Ku Boston nkhani yake ndi yomweyo, kungoti wotsogolera anali namwino. Dr. Jim O'Connell atamaliza maphunziro ake a ukadaulo ku Massachusetts General Hospital mu 1985, anapemphedwa kuti athandize kwa chaka chimodzi chokha pa ntchito yatsopano yosamalira osowa pokhala, yomwe ndalama zake zinachokera ku Robert Wood Johnson Foundation ndi Pew. Atafika pa kachipatala ka anamwino ku Pine Street Inn, shelter kapena kuti nyumba yogonamo osowa pokhala, namwino Barbara McInnis anamuuza kuti aike pambali chopimira pamtima, atenge beseni, azinyika mapazi a anthu m'madzi a mankhwala. Dokotala wa ku Harvard anakhala milungu yambiri ali chogwada, osaloledwa kufunsa mafunso a udokotala, mpaka anthu anayamba okha kumuuza zowawa zawo. Chaka chimodzi chija chinasanduka moyo wake wonse. Ndipo Boston Health Care for the Homeless Program itatsegula nyumba yopumuliramo odwala osowa kopita akatuluka m'chipatala, mu 1993, dzina limene anaipatsa ndi la namwinoyo, Barbara McInnis House.

Onaninso njira zomwe anthu amenewa anadzera. O'Connell asanakhale dokotala anaphunzira ku yunivesite ya Notre Dame, kufupi ndi South Bend komwe kuli Amalawi anzathu ambiri, napita ku Cambridge kukachita za chipembedzo, naphunzitsa sekondale ku Hawaii, nagulitsanso mowa m'bala kwawo ku Rhode Island. Sukulu ya udokotala anailowa ali ndi zaka 30. Ndikhulupirira kuti kuseri kwa kauntala ya bala n'komwe anaphunzira kumvetsera munthu woledzera mpaka amalize nkhani yake, luso lomwe ku sukulu ya udokotala kulibe mayeso ake. Nanga Jack Preger, yemwe Withers amamutenga ngati chitsanzo? Anabadwira ku Manchester mu 1930, anali mlimi ku Wales, udokotala anakauyamba ku Dublin ali ndi zaka za m'ma 30. Anathamangitsidwa ku Bangladesh mu 1979 ataulula za kugulitsidwa kwa ana, napita ku Kolkata komwe anaonera odwala m'mphepete mwa msewu wa Middleton Row kwa zaka 14, pansi pa malona, boma likumuzenga milandu ya ziphaso. Bungwe lake la Calcutta Rescue linabadwira pamenepo. Mlimi, wogulitsa mowa, namwino wa ku shelter, munthu wogona panja. Ndikaona fomu yomwe munatulutsa chaka chatha yofunsira umembala wa bodi, yofuna digiri, zaka zisanu za utsogoleri ndi lonjezo lopereka kapena kusonkhetsa ndalama zokwana mwakuti pachaka, ndimadzifunsa kuti mwa anthu amenewa akanadutsa ndani panthawi imene ankayamba.

Sindikunyoza maphunziro anu. Popanda laisensi ya madokotala athu sitingapereke ngakhale piritsi limodzi la maantibayotiki. Loya wathu anatipulumutsa pa nkhani ya inshulansi, ndipo bambo a ku banki aja ndi amene anakonza mabuku athu omwe anali ngati chisa cha mbewa. Zimenezo ndikuyamika. Vuto ndi lakuti nonsenu mumaona msewu kuchokera mbali imodzi, ndipo mukalakwitsa mumalakwitsira pamodzi, popanda wokukokani malaya.

Basi imene munagula ija ndi umboni. Munagwiritsa ntchito mphatso yaikulu kwambiri imene gulu lathu linalandirapo pogula chipatala choyenda, chachitali, choyera, cha mizere yabuluu ndi magetsi pamwamba. M'kati mwake n'mokongola, muli bedi lopimira ndi sinki. Tsiku limene inafika, woyendetsa vani anaizungulira kamodzi, n'kunena chapansipansi kuti ikufanana ndi galimoto ya apolisi ndipo siingatsike njira ya kumtsinje. Zonse ziwiri zinapherezera. Chichokereni chigamulo cha khoti lalikulu la dziko lino pa mlandu wa Grants Pass mu June 2024, chomwe chinalola mizinda kulanga anthu ogona panja ngakhale malo ogona atakhala kuti palibe, anthu athu analowa m'tchire, m'zigwa ndi m'mbali mwa mtsinje, komwe kumafika munthu wapansi yekha. Akaona magetsi patali amazimitsa tochi n'kukhala duu. Lero basiyo imaima pabwalo la tchalitchi Loweruka m'mawa, n'kumaona anthu amene akanatha kuyenda okha kupita ku chipatala. Ife a Lachinayi tikuyendabe ndi vani yakale ija, ndipo mu January masokosi anatithera kwa milungu itatu chifukwa ndalama zinapita ku inshulansi ya basi. Masokosi si nkhani yaing'ono. Phazi likakhala m'nsapato yonyowa masiku angapo limayera, limachita makwinya, khungu n'kuyamba kusupuka ndi fungo lomwe ukalimva kamodzi suliiwala. Ndasambitsapo mapazi otero omwe mwini wake samamvanso kuti ndikuwagwira. Ndikudziwa kuti nkhani ya basi munaikambirana pa misonkhano itatu. Pa itatu yonseyo, munthu amene akanakuuzani zoona m'mphindi imodzi anali panja, akudikira kuti akubwezereni makiyi.

Zifukwa zanu ndinazimvapo, chifukwa m'modzi wa inu anandiuza mokoma mtima pa mgonero uja. Akuti munthu wotere angayambirenso kumwa. N'zoona, angayambirenso. Dokotalanso angayambe kumwa, ndipo sindinamvepo kuti mumanunkhiza pakamwa pa madokotala musanawapatse mpando. Akuti sangamve za bajeti. Munthu amene anakhala zaka 9 akugawa madola ochepa pakati pa chakudya, basi ndi foni amaidziwa bajeti kuposa tonsefe. Chimene sadziwa ndi mawu anu a pa mapepala, ndipo amenewo amaphunzitsika masana amodzi. Akuti pali zinsinsi za odwala. Zinsinsi zomwe bamboyu amasunga m'mutu mwake, zomwe anthu amawauza iwo okha ife tikakhala tatalikira, n'zolemera kuposa zonse zili m'kompyuta yanu.

Ndipo zimene ndikupemphazi si zachilendo m'dziko lino. Zipatala za m'madera zomwe zimalandira ndalama za boma pansi pa gawo 330 la lamulo la zaumoyo zimalamulidwa kuti oposa theka la bodi akhale odwala a pachipatala pomwepo. Zothandiza osowa pokhala okhaokha zimatha kupempha kuti lamulolo liwafewere, komabe zimayenera kusonyeza njira imene mawu a odwala amafikira pa tebulo. Ife lamulolo silitimanga chifukwa ndife ongodzipereka, koma nzeru yake ikutikhudza. Ku Boston kuja ali ndi komiti ya alangizi ya anthu amene anakhalapo osowa pokhala. Ku Britain bungwe la Pathway limagwira ntchito ndi anthu otere ngati akatswiri, ndipo a Groundswell amawaphunzitsa kuperekeza anzawo ku chipatala. Ngakhale kwathu ku Malawi tinaziona. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ife anamwino tinkalankhula mpaka kusasa mawu, anthu n'kumasiyabe mankhwala. Amene anawabweza ambiri anali anzawo omwe ali ndi kachilombo, omwe tinkawatcha ma expert client, chifukwa iwo ankatha kunena kuti nanenso ndinachita chizungulire mwezi woyamba, chinatha.

Chifukwa china chimene ndalembera tsopano ndi ndalama. Kuyambira October 2023 boma linakhazikitsa nambala yapadera, 27, yoti madokotala azilembera polipiritsa inshulansi akaona wodwala pamsewu. Ndi chinthu chabwino, anthu anachimenyera nkhondo zaka zambiri. Koma ndaona kale kumene mphepo ikulowera: pa mipando iwiri imene ikutsala mu June, mukufuna katswiri wa zolipiritsa ndi wina wa zamalonda. Ntchito ikayamba kuwerengedwa ndi chiwerengero cha odwala oonedwa pa ola, woyamba kutayidwa adzakhala mayi uja wa kuseri kwa sitolo ya matayala, amene tinamupatsa moni ndi khofi kwa miyezi 7 asanatilole kuona bala la pa mwendo wake. Miyezi 7 imeneyo ilibe nambala yolipiritsira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bodi payenera kukhala munthu amene angakane pamene ena akuwerengera mphindi.

Musaiwale kuti anthu amene tikuchedwa nawowa amafa msanga. Usiku umodzi wa January 2024 boma linawerenga anthu oposa 770,000 osowa pokhala m'dziko lino. Kafukufuku wa gulu la O'Connell, yemwe anatuluka mu 2018, anatsata anthu 445 ogona panja ku Boston kuyambira 2000 mpaka 2009. Anamwalira 134. Imfa pakati pawo inali pafupifupi kuwirikiza ka 10 poyerekeza ndi akuluakulu ena a ku Massachusetts, ndi pafupifupi katatu poyerekeza ndi osowa pokhala ogona m'ma shelter. Ku Pittsburgh ali ndi khoma pansi pa mlatho pomwe amakhomapo chikwangwani cha aliyense wofera pamsewu, ndipo amasonkhana pamenepo mu December, usiku wautali kuposa onse pachaka. Ifenso timayatsa makandulo usiku umenewo, inu n'kuwerenga mayina pa pepala. Amene amakulemberani mayinawo, n'kukuuzani katchulidwe kake, ndi woyendetsa vani.

Zopempha zanga nazi. Mipando iwiri ya mu June ipite kwa anthu amene anagonapo panja, ndipo ikhale iwiri ndithu, chifukwa munthu mmodzi pakati pa madokotala ndi maloya amangogwedeza mutu. Akhale ndi voti yofanana ndi ya aliyense, osati kuitanidwa kudzanena mbiri yawo yomvetsa chisoni alendo akamadya nyama kenaka n'kuwaombera m'manja. Zimenezo munawachititsapo kawiri bambo athuwa, ndipo ulendo wachiwiri anakalirira m'vani. Lamulo lopereka ndalama pachaka lichoke pa mipando imeneyi. Muwalipire nthawi yawo ndi ndalama zenizeni. Ndikudziwa kuti ife Amalawi tikatchula alawansi anthu amaseka, ndipo ndi chifukwa chake, koma dokotala akabwera ku msonkhano malipiro ake samachepa, pamene woyendetsa vani amataya shifiti ya ku malo otsukira magalimoto. Khadi ya golosale imene mumawapatsa pa Khirisimasi si malipiro. Misonkhano isamachitikirenso ku nyumba ya a Pampando kunja kwa mzinda komwe basi sifikako. Mpando ukadzatsalanso wina, ganizirani za namwino. Tili nawo atatu amene ayenda ndi vani zaka zoposa zisanu.

Chomaliza sichifuna voti. Mwa inu nonse, amene ndinakumanapo nawo pa ulendo wa usiku ndi awiri okha. Vani imanyamuka pa tchalitchi Lachinayi 6 koloko madzulo. Muvale nsapato zoti zingalowe m'matope, majekete a dzina la chipatala chanu muwasiye kunyumba, ndipo tikatsika muyende kumbuyo kwa woyendetsa. Beseni ndi thaulo ndikusungirani.

Ine wanu,
Mmodzi wa ongodzipereka a Lachinayi usiku